Mtsinje wa Kafue: Poizoni wa M'migodi ndi Alendo Osacoka

Pa 18 Febuluwale 2025, khoma la damu losungiramo zinyalala za mgodi wa kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi osakanikirana ndi matope a m'migodi anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Malipoti oyamba anati madziwo anali okwana malita 50 miliyoni. Pambuyo pake kampani ya Drizit ya ku South Africa, imene inapatsidwa nchito yofufuza ngoziyo, inanena kuti zinyalala zimene zinatayika zinaposa matani 1.5 miliyoni, koma eni mgodi anakana ciwerengero cimeneci. Nsomba zakufa zinaoneka zikuyandama pa mtunda wa makilomita oposa 100 kunsi kwa malo a ngozi, mipope ya madzi mu mzinda wa Kitwe inatsekedwa, minda ya cimanga ndi nshawa ya m'mphepete mwa Mwambashi inapserera, ndipo boma linatumiza ndege za asilikali kukathira laimu mu mtsinje.

Dziko lonse linamva nkhani imeneyi cifukwa inacitika tsiku limodzi ndiponso inaoneka ndi maso. Koma Kafue ali ndi mabala ena amene sanabwere ndi phokoso. Ena ndi ocokera ku feteleza ndi zonyansa za m'zimbudzi zimene zakhala zikulowa m'madzi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo ena ndi ocokera ku zomera, nsomba ndi nkhanu zobwera kucokera ku maiko akutali. Nthawi zambiri anthu amakamba za kuipitsidwa kwa madzi padera ndi za zamoyo zacilendo padera, ngati kuti ndi mavuto awiri osadziwana. Mbiri ya mtsinje uwu ikuonetsa kuti awiriwa amathandizana: coipitsa cimafooketsa eni malo ndi kudyetsa mlendo, kenako mlendoyo amakhazikika.

Kafue ndi mtsinje wa Zambia yekhayekha, pakuti umayambira ndi kuthera m'dziko muno. Umabadwira kufupi ndi malire a dziko la Congo, umadutsa m'cigawo ca Copperbelt, umalambalala madambo a Lukanga ndi kupyola nkhalango ya Kafue National Park, umaima pa damu la Itezhi-Tezhi, kenako umayala madzi ake m'zigwa za Kafue Flats usanagwere ku Kafue Gorge ndi kukathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu, utayenda makilomita pafupifupi 1,600. Anthu oposa theka la anthu onse a m'dziko lino amakhala m'dera limene madzi ake amatsikira mu mtsinje umenewu. Munthu wa ku Matero, ku Chawama kapena ku Kanyama amene sanauonepo ndi maso amaudziwabe pa mpope, cifukwa gawo lalikulu la madzi a mu Lusaka limapopedwa ku Iolanda, pafupi ndi tauni ya Kafue.

Zimene asidi ndi mkuwa zimacita m'madzi

Nsomba imapuma ndi makha, ndipo makhawo ndi khungu lopyapyala kwambiri limene limakhudzana ndi madzi nthawi zonse. Pa makha pomwepo ndi pamene nsomba imatengera mpweya wa okosijeni, komanso ndi pamene imasungira mcere wa m'thupi mwake kuti usathawire m'madzi. Madzi akakhala ndi asidi wambiri, khungu limeneli limapsa, nsomba imatulutsa mamina ambiri pofuna kudziteteza, ndipo maminawo amatseka njira ya mpweya. Mkuwa wosungunuka umawonjezera vutolo cifukwa umamatirira pa makha ndi kulepheretsa nsomba kutenga mcere. Ndiye cifukwa cake pa ngozi yotere nsomba zimaoneka zikuyasama pamwamba pa madzi zisanafe. Zimene sizioneka ndizo mazira, tiana ta nsomba, nkhono, acule ang'onoang'ono ndi tizirombo ta m'matope, zimene zimafa msanga kuposa nsomba zazikulu. Tizirombo timeneti ndito cakudya ca nsomba, conco mtsinje ukhoza kuyera madzi patapita milungu yocepa koma n'kukhala wopanda codyetsa nsomba zobwerera.

Laimu amene anathiridwa mu 2025 anali wofunika, pakuti amapha mphamvu ya asidi. Komabe laimu sacotsa zitsulo m'mtsinje. Cimene cimacitika n'cakuti asidi akacepa, mkuwa, kobalti, manganizi ndi zitsulo zina zimaleka kukhala zosungunuka ndipo zimadikha pansi pamodzi ndi matope. Zitsulo siziwola ngati mmene amawolera masamba. Zimakhala m'matopemo kufikira madzi a mvula yamphamvu atazivundula, kapena asidi wina atabwera n'kuzisungunulanso. Pa cifukwa ici akatswiri oyesa madzi sakhutira ndi botolo la madzi okha. Amatapanso matope a pansi ndi kuyesa ciwindi ca nsomba, cifukwa mkuwa umaunjikana kwambiri m'ciwindi kuposa mu mnofu.

Ngozi ya ku Chambishi sinali yoyamba. Mu Novembala 2006, paipi ya zinyalala za kampani ya Konkola Copper Mines ku Chingola inaphulika n'kuipitsa kamtsinje ka Mushishima ndi Kafue yemwe, ndipo anthu a m'tauniyo anakhala masiku angapo opanda madzi a pa mpope. Anthu pafupifupi 2,000 anakasuma, bwalo lalikulu la milandu linawakomera mu 2011, ndipo bwalo la Supreme Court linavomereza mu 2015 kuti kampaniyo inali ndi mlandu. Anthu ena 1,826 a m'midzi yozungulira Chingola anatengera dandaulo lao ku London, kumene bwalo lalikulu la ku Britain linagamula mu 2019 kuti mlandu wotsutsa kampani ya Vedanta, imene inali mwini wa mgodiwo, ukhoza kuzengedwa kumeneko. Nkhaniyo inatha mu 2021 mwa mgwirizano wa kunja kwa bwalo, kampani osavomera kulakwa. Zaka zimene zinapita pakati pa kuphulika kwa paipi ndi kutha kwa milandu zikusonyeza kuti cilungamo ca m'makhoti cimayenda pang'onopang'ono kuposa madzi. Ndiponso pakati pa ngozi zochukazi pali kudontha kwa tsiku ndi tsiku kocokera ku milu yakale ya zinyalala za migodi imene yakhala ikuunjikidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1930.

Poizoni wodyetsa

Kunsi kwa mtsinje, pakati pa Mazabuka ndi tauni ya Kafue, vuto ndi la mtundu wina. Kumeneko cimene cimalowa m'madzi si cakupha koma cakudya: nayitrojeni ndi fosiforasi, zomwe zija mlimi amagula m'thumba la feteleza. Zimacokera m'ngalande za minda ikuluikulu ya nzimbe ndi mbewu zina zothirira, m'mafakitale, m'makola a ziweto, m'maiwe oweteramo nsomba ndi m'madamu a zonyansa za m'zimbudzi amene sagwira bwino nchito. Cimene feteleza amacita m'munda amacitanso m'madzi, kungoti m'madzi cimene cimanona ndi ndere ndi udzu.

Udzu umene unapindula kwambiri ndi uja anthu ambiri amauchula kuti Kafue weed, umene ku Malawi amati namasupuni cifukwa masamba ake amaoneka ngati masupuni. Dzina lakuti Kafue weed ndi lonamiza, pakuti kwao kwa comera ici ndi ku cigwa ca mtsinje wa Amazon ku South America, ndipo cinafalitsidwa m'maiko ambiri ndi anthu okonda maluwa ake ofiirira mobiriwira. Kwao kuli tizirombo ndi matenda amene amacidya. Kuno cinafika copanda mdani. Cikapeza madzi odikha, ofunda ndi odzala ndi feteleza, cimatha kuwirikiza kawiri malo amene caphimba pa milungu iwiri yokha, ndipo njere zake zimatha kukhala m'matope zaka 15 kapena 20 zikudikira.

Mphasa ya udzu umenewu ikayalidwa pamwamba pa madzi, kuwala kwa dzuwa sikufika pansi, motero zomera za pansi pa madzi zimene zimatulutsa okosijeni zimafa. Mphepo nayo siikhudzanso madzi kuti iwapatse mpweya. Masamba ndi mizu yakufa zimamira, ndipo tizilombo towoletsa timamaliza okosijeni wotsalayo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi mbandakuca, pamene zomera zakhala usiku wonse zikupuma osapanga mpweya watsopano. Ndiyo nthawi imene nsomba zambiri zimafa m'madzi otere. Milamba imapirira cifukwa imatha kumeza mpweya pamwamba, koma nsomba za bream zimathawa kapena kufa. Kwa anthu a m'mphepete, udzuwu umatseka madooko, umakola maukonde, umabisa ng'ona, ndiponso umasunga udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo.

M'zaka za m'ma 1990 udzuwu unacuruka kwambiri mwakuti unaunjikana pa milatho ya njanji ndi ya msewu ku Kafue ndi kuopseza makina a magetsi a ZESCO ku Kafue Gorge. Mu 1998 boma linalengeza kuti ili ndi tsoka la dziko lonse. Anthu anaucotsa ndi manja ndi makina, ndipo akatswiri anamasula tianankafumbwe ta mtundu wa Neochetina, tocokera kwao komweko ku South America, timene timadya comera ici cokha. Njira zonsezi zimathandiza, koma ndi zofanana ndi kupalira munda umene wina akuthiramo manyowa usiku uliwonse.

Umboni wa mfundo imeneyi uli ku Kariba. Damu litatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi anamiza nkhalango, minda ndi midzi ya Atonga, ndipo zonse zowola zinatulutsa cakudya cambiri ca zomera. Udzu wina woyandama wocokera ku Brazil, wochedwa Salvinia molesta, umene nawo unapatsidwa dzina lakuti Kariba weed, unafalikira mpaka mu 1962 unaphimba pafupifupi makilomita 1,000 m'mbali zonse zinai, ndiko kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo. Panali mantha akuti nyanja yonse idzatsekeka. Koma m'zaka za m'ma 1970 udzuwo unacepa kwambiri. Ziwala zimene zinamasulidwa kuti ziudye zinathandizako, koma akatswiri ambiri amaona kuti cifukwa cina cacikulu cinali kutha kwa cakudya cija ca pa ciyambi. Udzu unakula pamene madzi anali onona, ndipo unafota pamene madzi anaonda.

Minga m'zigwa za lechwe

Sikuti n'zothiridwa m'madzi zokha zimene zimatsegulira mlendo khomo. Kusintha kayendedwe ka madzi nako kumacita cimodzimodzi, ndipo Kafue Flats ndi citsanzo comvetsa cisoni. Zigwa zimenezi, zokula pafupifupi makilomita 6,500 m'mbali zonse zinai, zinkadzala madzi caka ndi caka kumapeto kwa dzinja n'kuuma m'cilimwe. Nsomba zinkaswana pa udzu womizidwa, madzi akaphwa pankamera msipu wanthete, ndipo Aila ndi Atonga ankatsitsirako ng'ombe zao, mwambo umene umakumbukiridwa pa cikondwerero ca Shimunenga ku Maala m'boma la Namwala. Damu la Kafue Gorge la kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 ndi la Itezhi-Tezhi la mu 1977 anaika zigwazi pakati pa makoma awiri. Ngakhale panali lamulo lotsegula madzi oonjezera m'mwezi wa Marichi pofuna kutsanzira cigumula ca kale, zotsatira zake zinali zakuti malo ena anayamba kukhala m'madzi caka conse, pamene ena analeka kumizidwa mokwanira.

M'malo osokonezekawa munalowa citsamba ca minga cochedwa Mimosa pigra, cocokera ku maiko otentha a ku America. Cimakula mpaka mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, cimalukana mwakuti ngakhale ng'ombe siingapyole, ndipo masamba ake amapindika munthu akawakhudza. Makoko a njere zake amayandama, conco cigumula cimene cinkabweretsa msipu cinasanduka cofesera minga. Ca m'ma 1980 citsambaci cinali pa mahekitala awiri okha m'nkhalango ya Lochinvar. Pofika m'zaka za m'ma 2000 cinali citaphimba mahekitala pafupifupi 3,000, makamaka mozungulira thamanda la Chunga. Malo amenewa ndiwo anali odyera mbawala za m'madzi zochedwa Kafue lechwe, zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndiponso mbalame zazitali za wattled crane. Lechwe zinali pafupifupi 100,000 kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, koma kalembera wa mu 2015 anapeza zosakwana 30,000. Sibwino kuikira minga mlandu wonse, cifukwa kupha nyama mozemba ndi kulimbirana msipu ndi ng'ombe zili ndi gawo lao lalikulu, koma nyama yocepa kale ikalandidwanso podyera siicira msanga.

Nsomba yofanana ndi ya kwathu

Mlendo wovuta kumuweruza ndi nsomba ya Nile tilapia. Inabweretsedwa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980 ndi colinga cabwino coweta m'maiwe, pakuti imakula msanga ndipo imadya pafupifupi ciliconse, kuphatikizapo ndere zobiriwira zimene zimacuruka m'madzi onona. Koma dziwe la m'mphepete mwa mtsinje silisunga cinsinsi nthawi ya cigumula. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 nsombayi inali itayamba kukodwa m'maukonde a asodzi a m'dera la Mazabuka, ndipo kucokera pamenepo inafalikira m'zigwa zonse.

Nile tilapia siimeza nsomba zinzake. Kuononga kwake ndi kwa mwakacetecete. Imalanda malo omangapo zisa, cifukwa yaimuna yake ndi yaikulu ndi yaukali, ndiponso imakwerana ndi abale ake a kuno, ndiwo Kafue bream ya madontho atatu m'mbali, imene asayansi amati Oreochromis andersonii, ndi inzake ya mutu wobiriwira, Oreochromis macrochir. Ana obadwa pamenepo nao amaswana, ndipo m'kupita kwa mibadwo mtundu weniweni wa kuno umasungunuka. Palibe mitembo yoyandama, palibe fungo, ndipo mzimai wogula nsomba pa msika wa Soweto sangaone kusiyana. Ku Kariba, kumene nsombayi inathawira kucokera m'malo owetera, bream ya m'cigwa ca Zambezi yochedwa Oreochromis mortimeri yacepa kwambiri mwakuti inalembedwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Msodzi amene ukonde wake wadzala sangadandaule za dzina la nsomba, ndipo ali ndi mfundo. Ulimi wa nsomba m'zitete za pa nyanja ku Siavonga, umene umadalira Nile tilapia, walemba anthu ambiri nchito ndipo umadyetsa mizinda. Kapenta wa ku Kariba nayenso ndi mlendo: anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968 n'kuikidwa m'madzi akuya a nyanja yopangidwa ndi anthu, kumene kunalibe nsomba ina yodya tizamoyo ta pakati pa nyanja. Iye anapeza nyumba yopanda mwini, pamene Nile tilapia inalowa m'nyumba ya eni ake. Kusiyana kuli pamenepo. Cotayika cikakhala mtundu wa nsomba, mtengo wake suoneka lero. Kafue bream imapirira kuzizira kwa mwezi wa Juni ndi Julai kuposa mlendoyu, khalidwe lofunika kwa alimi a nsomba a kumapiri, ndipo n'cifukwa cake dipatimenti ya za nsomba pamodzi ndi bungwe la WorldFish anayamba nchito yosankha ndi kukonza mbewu ya nsombayi. Nchito yotere imafuna makolo osasakanizika, ndipo m'zigwa za Kafue, zimene zinapatsa nsombayi dzina, makolo otere akusowa.

Nkhanu za ku Australia

Amene asodzi amamudandaula poyera ndi crayfish, nkhanu ya mcira wautali ndi zala zokhala ndi banga lofiira, yocokera kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Nayo inabwera kudzawetedwa. Inayamba kupezeka m'zigwa za Kafue kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, ku Siavonga nthawi yomweyo, ndipo ca m'ma 2014 inaoneka m'zigwa za Barotse kumadzulo. Mitsinje ya mu Africa muno inalibe nkhanu za mtundu umenewu cikhalire, motero zamoyo za kuno sizinaphunzire kuzipewa. Imadya zomera za m'madzi, nkhono, tizirombo, mazira a nsomba ndi zowola, ndipo imapirira madzi ocepa mpweya amene nsomba zambiri zimathawa.

Msodzi wochera ukonde madzulo n'kukaonjola m'mawa ndiye amalipira. Nsomba ikakodwa usiku, nkhanuzi zimaidya maso, mimba ndi zipsepse, ndipo ikafika pa dooko wogula amaikana kapena kutsitsa mtengo. Nkhanu zokodwa zimapota ulusi, ndipo pozicotsa ukonde umang'ambika. Ku mahotela a mu Lusaka crayfish ndi cakudya ca mtengo wapatali, koma m'misasa yambiri ya asodzi anthu saidya, ena cifukwa ca cipembedzo coletsa zamoyo za m'madzi zopanda mamba, ena cifukwa cosazolowera, ndipo msika uli kutali kwa munthu wopanda ayezi. Pali amene amati njira ndi kuigulitsa kwambiri kuti ithe. Nzeru imeneyi ili ndi msampha wake: cinthu cikakhala ndi mtengo, pamapezeka munthu wocinyamula m'ndowa kupita naco ku damu la kwao kuti nayenso apindule, ndipo umo ndi mmene nkhanuyi yadumphira mitunda imene siikanatha kuyenda yokha.

Pali mlendo winanso wosaoneka ndi maso, ndiye nkhungu yochedwa Aphanomyces invadans, imene imayambitsa matenda a zilonda za nsomba odziwika ndi zilembo zakuti EUS. Matendawa anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, anafika mu Zambezi ndi Chobe kumapeto kwa 2006, ndipo mu 2020 anapezeka m'boma la Mchinji ku Malawi, pafupi ndi Chipata. Nkhunguyi siilowa msanga pa khungu la nsomba yathanzi. Imafuna bala, ndipo miliri yake imabuka kawirikawiri madzi akazizira kapena akakhala ndi asidi. Apa mgwirizano wa coipitsa ndi mlendo ukuonekera poyera: asidi amatupula khungu, nkhungu imalowa.

Mgwirizano womwewu ndiwo ukudetsa nkhawa pa za Mwambashi ndi Kafue wa kumtunda. Pamene poizoni wasesa cigawo ca mtsinje, malowo satsala opanda kanthu kwa nthawi yaitali. Zoyamba kubwerera ndi zamoyo zopirira, zoswana msanga ndi zosasankha cakudya, ndipo amenewa ndiwo makhalidwe amene anacititsa anthu kusankha Nile tilapia ndi crayfish kuti aziwete. Mtsinje ukhoza kudzalanso ndi zamoyo, ziwerengero za makilogalamu a nsomba n'kukwera, koma osakhalanso mtsinje uja wakale. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwambiwu umakwanira pang'ono pa asidi, amene mphamvu yake imacepa akasakanikirana ndi madzi ambiri, koma sukwanira pa camoyo cimene cimaswana.

Kwa omvera a kum'mawa

Anthu a m'cigawo ca Kum'mawa angaone ngati izi n'za ku migodi ndi kumwera cabe, koma Luangwa ndi timitsinje take ali ndi ciopsezo cao. Kukumba golide kwa anthu wamba kwakula m'madera monga Rufunsa ndi Petauke, ndipo m'nchito yotere ambiri amagwiritsa nchito mekyule pogwira golide. Mekyule ndi wosiyana ndi mkuwa. Akafika m'matope, tizilombo timamusandutsa mtundu wina umene umalowa mu mnofu weniweniwo wa nsomba, ndipo umawonjezeka pa sitepe iliyonse: kansomba kakang'ono kali ndi wocepa, nsomba yodya tinsomba ili ndi wambiri, ndipo munthu wodya nsomba yaikuluyo ndiye womaliza. Kuphika kapena kuwamba sikumucotsa, ndipo amaononga kwambiri ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Zambia inavomereza pangano la Minamata loletsa kufalikira kwa mekyule mu 2016, dzina la panganolo likucokera ku tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri analumala ndi kufa m'zaka za m'ma 1950 atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale.

Malamulo alipo. Lamulo la za cilengedwe la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia, ndi mphamvu zopereka zilolezo, kuyendera mafakitale ndi kulipiritsa oipitsa. Caka comweco panabwera lamulo la za madzi limene linabala bungwe la WARMA, komanso lamulo la za nsomba limene limaletsa kuika nsomba yacilendo m'madzi alionse popanda cilolezo colembedwa ca mkulu wa dipatimenti ya za nsomba. Mbali ya oipitsa ili ndi poyambira, cifukwa paipi ndi damu zili ndi mwini wodziwika amene angaitanidwe ku bwalo. Mbali ya zamoyo zacilendo ndi yovuta kulondola, pakuti woyambitsa akhoza kukhala mlimi mmodzi wogula mbewu ya nsomba kwa wogulitsa wosadziwika, kapena msodzi wosamutsa bwato ndi ukonde wonyowa kucoka ku Kafue kupita ku Luangwa, zidutswa za udzu ndi nkhungu zili momwemo. Kuyanika ukonde ndi bwato pa dzuwa mpaka ziume gwa asanazilowetse m'madzi ena ndi cinthu cimene alangizi a za nsomba amalimbikitsa, ndipo sicifuna ndalama.

Ku Lochinvar kwaoneka kuti mlendo wina akhoza kubwezedwa m'mbuyo ngati pali khama ndi ndalama. Kuyambira mu 2017, bungwe la International Crane Foundation pamodzi ndi Endangered Wildlife Trust, WWF Zambia ndi dipatimenti ya za nyama za kuchire analemba anthu pafupifupi 150 a m'midzi yozungulira kuti adule Mimosa ndi zikwanje, aunjike, atenthe ndi kupopera mankhwala pa zophukira. Patapita zaka zocepa gawo lalikulu la nkhalango ya minga ija linali litagwetsedwa, udzu unameranso, ndipo lechwe ndi mbalame zinayamba kuonekanso mozungulira Chunga. Njere za citsambaci zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka zoposa khumi, conco madzi akaphwa caka ciliconse pamafunika anthu obwerera kukazula mbande zatsopano zisanafike pobereka.